Mawu Amene Zelipa Ananong'oneza

Zelipa ankasita malaya a mwamuna wake, a Goodson, pamene Irene, mphunzitsi mnzawo, anafika pakhomo pawo ku Kapata.

"Amake Jesca, abambo tawaperekeza kuchipatala. Sanagwe ayi. Anangoima pabolodi, choko chili m'manja, samu itawathawa pakati. Mtsikana wina ananyamuka n'kuimaliza, kenaka anawakokera mpando."

Zelipa anazimitsa nsimbi n'kumanga chitenje. Njira yonse ankapemphera chamumtima.

Matenda a mitsempha, amene madokotala ankawatcha MS, anali atawadya miyendo a Goodson kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Chaka chatha nesi wina wachitsikana anawayeza nzeru. Anatchula mawu angapo kuti awasunge m'mutu, adzawabwereze pakapita kanthawi. Zelipa anali pambali pawo. Ataona mwamuna wake, mphunzitsi wa Giredi 7, akulephera kukumbukira mawuwo pamaso pa mwana wamng'ono chotero, anawerama ngati akukonza ndodo yawo n'kuwanong'oneza mawu atatu. Nesi analemba kuti mutu uli bwino, ndipo a Goodson anabwerera m'kalasi.

Lero nesi yemweyo, Mainess, anamupempha kuti adikire pakhonde. Chitseko sichinatsekeke bwino.

"Tchalitchi," anatero a Goodson mkatimo, poyesa kubwereza mawu amene nesi anawapatsa. "Tchalitchi… ndi chiyani chija, mwanawe?"

"Musafulumire, aphunzitsi. Ine ndilibe belu."

A Goodson anaseka pang'ono. Kenaka Mainess anawapatsanso pepala lofananitsa zizindikiro ndi manambala, koma nthawi inatha asanafike pakati.

Atamuitana Zelipa, Mainess anayala mapepala awiri patebulo.

"Chikundidetsa nkhawa n'chakuti chaka chatha anakhoza mawu onse. Kutsika chonchi m'chaka chimodzi si zachizolowezi. Tikanaona msanga, tikanalembera akusukulu kuti awapeputsire ntchito."

A Goodson anayang'ana mapepalawo nthawi yaitali.

"Ndiye kuti ndikutha mofulumira, amake Jesca. Ana aja ndawaphunzitsa zotani chaka chonsechi?"

Zelipa anadziwa pamenepo kuti za kunong'oneza kuja sakuzikumbukira. Akanatha kukhala chete, osadziwika mpaka kalekale. Anatsika pampando n'kugwada pasimenti, nesi akuona.

"Simukutha mofulumira, bambo a Jesca. Pepala loyambalo ndi langa. Mawu atatu ndinakuuzani ndine, poopa kuti muchita manyazi. Ndinakubwezerani m'kalasi ndekha. Ndikhululukireni."