Khomo la Kumaso kwa Bwana Kamphuno

Grain ankapalasa njinga ngati munthu wopita kukazulitsa dzino. Pa kaliyala panali Rhoda, mayi wamasiye wa minda iwiri ya mpunga ku sikimu ya Likangala, amene Grain ankamufunsira ukwati. Zonse zinkayenda bwino mpaka tsiku limene Rhoda anati, "Ndisanakutengereni kwa amalume, ndikaone kaye nyumba munkaphikamo ija."

Vuto linali lakuti Grain sanaphikemo ngakhale dzira. Zaka zisanu ndi chimodzi pa esiteti ya fodya ya mzungu wotchedwa Bwana Kamphuno, ntchito yake inali madzi: kutunga, kusenza, kuthirira maluwa a dona. Koma pofunsira mkazi pakamwa pamathamanga, moti pofika mwezi wachiwiri anali atasanduka khukhi wamkulu, katswiri wa keke ndi supu wa mchira wa ng'ombe.

Panjira anaima katatu. Koyamba tcheni. Kachiwiri ludzu. Kachitatu anasisita matumba, ati mwina waiwala khadi la chipani.

"Munandisungitsa ine," anatero Rhoda. "Palasani."

Nyumbayo inali pakaphiri cha kwa Kuntumanji, ya njerwa zowotcha, khonde mbali zonse, malata atadyeka ndi dzimbiri. Mwini wake anabwerera kwawo ufulu utangobwera, n'kuisiyira mlonda ndi mileme. Ukaima pageti unkaona nyanja ya Chilwa ikuyera patali.

Grain anayambira kunja, poti kunjako ndiye ankakudziwa. Anamuonetsa mango obzalidwa pamzere, zigafa zakugwa, manda a galu okhala ndi mwala wolembedwa dzina. Anamuonetsa ngalande yochokera ku kasupe, mmene imakhotera kuti madzi asakokolole dothi, ndi pomwe ankatseka ndi thabwa. Apa analankhula mpaka kukhosi kuuma, diso limodzi lili kudzuwa, kulipempha kuti lifulumire kulowa.

"Khukhi wodziwa ngalande chonchi sindinamuonepo," anatero Rhoda. "Tiyeni m'nyumba."

Masitepe a kumaso anali pomwepo, otambalala, chitseko chili chotsegula. Koma miyendo ya Grain inali ndi nzeru zakezake. Inalambalala masitepewo, n'kuzungulira kuseri, n'kukaima pa kakhomo ka kukhitchini. Asanazindikire n'komwe, anali atavula nsapato, chipewa chili kukhwapa, iye atanjuta pansi.

"Odi, odi kuno!"

Munatuluka Che Hamisi, mlonda wa nyumbayo, nkhalamba ya kofiya yoyera, amene kale anali khukhi weniweni. Anatsinzina, kuyang'anitsitsa, kenako anaseka mpaka kugwirira chitseko.

"Grain wa ndowa! Wabwera ndi madzi? Tula pomwepo, mwanawe, usatidetsere simenti!"

Rhoda anafika kumbuyo kwake, manja ali m'chiuno.

"Che Hamisi, bambowa akuti keke ankaphika ndi iwo."

"Ankamva fungo, mayi. Mphuno yakeyo ndiye inagwiradi ntchito kukhitchini kuno."

Grain anayang'ana nsapato zake, kenako geti, kuyeza ngati angafike panjinga asanamve mawu ena.

"Mayi Rhoda, nkhani yake inali yakuti..."

"Valani nsapato."

Anavala. Rhoda anamugwira malaya ngati mbuzi yopita kumsika, n'kumukokera kumaso kwa nyumba.

"Kwerani."

"Apatu sitidutsa."

"Akuletsani ndani? Mileme?"

Anakwera, nsapato zikulira pamatabwa. Mkati munali chipinda chachikulu chopanda kanthu, malo osonkhapo moto odzaza zitosi, ndi mpando umodzi wa miyendo itatu. Zaka zonse zija ankaganiza kuti muno ndi kumwamba kwenikweni.

"Ndi zomwezi basi?" anafunsa.

"Mukufunsa ine? Si inu munkaphikamo?" Rhoda anakhala pazenera n'kukonza chitenje. "Tamverani, bambo. Keke ine sindidya. Koma ngalande yanga kusikimu yandiphera mpunga zaka ziwiri. Kwa amalume mukanene nokha, ndi pakamwa panu pomwepo, kuti ndinu wa ndowa. Mukangotchula supu, mukabwerere ndi njinga yanu."

Grain anapuma momasuka koyamba chichokereni kunyumba. Anasuzumira pazenerapo. Pansi, pakati pa udzu, ngalande ija inkakhota bwinobwino mpaka kumango. Anali asanaionepo ali pamwamba.

"Ijayo ndinakumba ndine," anatero.

"Imeneyo yokha ndi yoona, mayi," anafuula Che Hamisi ali kukhitchini. "Musamufunsenso zina, angawononge."