Masekondi Khumi Oyesera

Opaleshoni ya Abambo inali Lachisanu pa 14 Malichi, 8 koloko m'mawa. Dokotala ananena mosapsatira kuti achotsa kholingo lonse, ndipo mawu amene tinawazolowera sitidzawamvanso. Choncho Lachitatu pa 12 achimwene anafika ndi kamera yojambulira mafilimu imene anabwereka kwa mnzawo, kuti tiwajambule Abambo akulankhula. Ine ntchito yanga ndi yodula ndi kulumikiza mavidiyo, ndiye ndinabwera ndi laputopu.

Mawu a Abambo anali atasasa kale. Ankatha kulankhula mphindi makumi awiri, kenako chifuwa chinkawagwira mpaka madzulo. Lachinayi ankakagonekedwa kuchipatala. Mphindi makumi awirizo ndi zomwe tinali nazo.

Achimwene anaimika kamera m'chipinda chimene Abambo amasokeramo, pakati pa makina ndi tebulo lodulirapo nsalu, pomwe kuwala kwa pawindo kumagwa bwino. Maiki anaimangirira kumtengo wa tsache.

"Kawaitane tiyambe," anatero.

"Tiyambe tayesa. Jambulani masekondi khumi, ndione ngati pulogalamu yanga itsegule fayiloyo."

"Chemwali, kamera iyi amajambulira mafilimu enieni. Ukuikayikira?"

"Kamerayo ayi. Ndikukayikira ngati imvane ndi laputopu yangayi."

Abambo anali ataima kale pakhomo, atamanga tayi yawo yabuluu. Anafuna kukhala pampando, koma ndinawaletsa.

"Mawu anu musawathere pa zoyesera. Amayi ndi amene akhale apa."

Amayi anabwera akupukuta manja pa epuloni. "Ine ndasanduka chidole choyesera madiresi tsopano?"

"Ingowerengani kuyambira wani mpaka teni."

Kuyesa koyamba kunachitika 10:20. Ndinatulutsa kakhadi kosungira mavidiyo mu kamera n'kukalowetsa mu laputopu. Fayilo inaoneka, koma pulogalamu inakana kuitsegula, n'kulemba kuti mtundu umenewu sikuudziwa. Achimwene anali atasankha mtundu waukulu kwambiri, umene umasunga zonse zomwe diso la kamera laona. Pulogalamu yanga ndi ya zaka zinayi zapitazo, kamerayo inatuluka chaka chatha.

"Sankhani wocheperako," ndinatero.

"Awa ndi Abambo. Sindingawajambule mongoyerekeza. Fayiloyo tidzaisintha pambuyo pake."

"Ikadzakana pambuyo pakepo, tidzabwereza ndi ndani?"

Achimwene anawerama n'kuyamba kudina timabatani.

Kuyesa kwachiwiri kunali 10:41. Ulendo uno chithunzi chinatseguka, chowala bwino, mpaka ulusi wofiira umene unamatirira paphewa la Amayi unkaoneka. Koma milomo yawo inkayenda pang'onopang'ono ngati ali pansi pa madzi, ndipo mzere wa mawu, m'munsi mwa chithunzi, unali wopanda kanthu. Ndinavala mahedifoni. Kunali zii.

Achimwene anazula waya wa maiki n'kuubwezera, anasintha batire, anauziranso mpweya pomwe wayayo imalowera. Patapita mphindi zisanu ndi imodzi anapeza vuto. Mwini kamera anajambula mpikisano wothamanga Lamlungu, n'kuisiya pa zithunzi 100 pa sekondi kuti othamangawo azidzaoneka pang'onopang'ono. Pa liwiro limenelo kamerayi sitenga mawu.

Achimwene anakhala pa mulu wa nsalu, manja ali pamutu.

"Ndikanawajambula mphindi zonsezo opanda mawu," anatero chapansipansi.

"Musakhalire nsalu ya makasitomala," anatero Amayi. "Dzukani, mlongo wanu akudikira."

Ndinapatsa achimwene kakhadi. Anabweza liwiro pa zithunzi 25.

Pa kuyesa kwachitatu Amayi anakana kuwerenga. "Ndatopa nawo mawani ndi matuu anuwa. Ndinene chiyani?"

"Chilichonse, bola mawu atuluke."

Kanyali kofiira ka pa kamera kanayaka. Amayi anatembenukira kukhomo kumene Abambo anatsamira.

"Zaka makumi anayi ndi ziwiri munthu uyu akundidula mawu pakamwa. Kuyambira Lachisanu ndizilankhula ndekha. Nkhani zanga zonse zomwe zinathera panjira ndizimalize, iye azingogwedeza mutu."

Abambo anaseka osatulutsa mawu, mapewa okha akugwedezeka. Amayi nawo anaseka, kenako anayang'ana manja awo.

"Koma ndani azindikuwira kuchokera muno, ine ndili pakati pa ntchito, kuti ndidzaone ngati kolala yawongoka? Ngati kuti iye alibe maso."

Masekondi khumi anali atadutsa. Achimwene sanazimitse. Anadikira mpaka Amayi atadzuka okha, pa masekondi makumi anayi ndi asanu ndi awiri.

Fayilo inatseguka nthawi yomweyo. Chithunzi chinkayenda bwino, ndipo pansi pake timizere ta mawu tinkakwera ndi kutsika. Ndinaonetsetsa kuti milomo ndi mawu zikuyendera limodzi, poyambira ndi pothera. Nditavula mahedifoni, Abambo anatambasula dzanja. Ndinawaveka. Anamvetsera kawiri, ataima, dzanja limodzi lili paphewa langa.

Anakhala pampando 11:05.

"Zamvana tsopano zinthu zanuzi?" anafunsa. Anali mawu awo oyamba chiyambire kuyesa.

"Zamvana."

"Ndiye musandiwerengetse manambala."

Achimwene anayatsa. Ine maso anga anali pa timizere tobiriwira tosonyeza kuti maiki ikumva. Abambo sanayang'ane kamera. Anakweza mutu chakukhitchini, kumene Amayi anali atathawira.

"Amake ana," anaitana, ndipo timizere tinadumpha mpaka pakati. "Tabwerani muone kolalayi."

Kunamveka mbale ikuikidwa pansi. Amayi analowa m'chithunzi chammbali, nkhope yawo osaoneka, manja okha. Kolalayo inali yowongoka kale. Anaikonzabe, mbali zonse ziwiri, n'kukhala pa mpando wa makina, pafupi.

Abambo analankhula mphindi makumi awiri ndi zitatu chifuwa chisanawagwire. Fayiloyo ndinaikopera malo awiri, ndipo ndinamvetsera yonse, kuyambira koyamba mpaka kumapeto, ndisanawauze kuti akhoza kumasula tayi.