Mutu Wosagwiridwa

Amake Tumpale ankaufuna mpando wa mkulu wa Sande sukulu mochita kusowa nawo tulo. Mwanjelwa yense, kuno ku Mbeya, ankadziwa, poti pakamwa pawo sipatsekeka. "Ana a masiku ano ndi mbuzi," ankatero pampopi. "Wanga yekha ndiye munthu."

Zoona, Tumpale, kamtsikana ka zaka zisanu, anaphunzira ulemu ndi kamkwapulo ka mpichesi. Akaona wamkulu ankathamanga, wamkuluyo n'kuwerama, iye n'kuika kadzanja pamutu pake, n'kupereka moni waulemu wa Chiswahili: "Shikamoo." Akayankhidwa kuti "Marahaba," ndiye kuti tsiku limenelo miyendo yapulumuka.

Loweruka lina akulu a mpingo atatu anabwera kudzaona khomo lawo asanapereke mpandowo. Ine woyandikana nawo anandiitana kudzasenda nthochi. Nyama inaphikidwa ngati kuli ukwati, ndipo ndisaname, ndinapitira nyamayo.

Alendo atakhala, amake Tumpale anaitana ndi mawu a kutchalitchi. "Tumpale mwanangu, bwera udzalonjere makolo!"

Mwana anagwira mitu itatu mwandondomeko. A Mwakibinga, mkulu wa dazi long'anima, anaseka mpaka chibwano kugwedera.

"Mwaonatu anzanga? Khomo ndi ili! Iwe mdzukulu wanga, m'mawa ukadzuka umayamba kugwira mutu wa ndani?"

"Wa ababa."

"Nanga agogo ako, amayi a bambo ako? Paja amakhala pompano?"

"Ali kuseri, kukhola la nkhuku. Koma mutu wawo sitigwira. Amama anati uli ndi nsabwe. Timagwira ya anthu obwera pagalimoto."

Mayo ine! Chipande chinandipulumuka m'manja.

"Aa, abambo, musamumvere ameneyu," anatero amake Tumpale, mano onse panja. "Wagona ndi malungo, akungobwebweta."

A Mwakibinga sanawayang'ane n'komwe. Anaimirira n'kugwira mwana padzanja. "Tandiperekeza, mama."

Tonse tinalondola, tikudumpha zitosi. Tinapeza gogo Ndimbumi ali pamphasa yothetheka, akudya nyemba zadzulo m'chivundikiro cha poto, fungo la nyama likuwadutsa pamphuno. Ndinachita manyazi, poti zaka zonsezi ndinkaziona pampanda, koma ndinkangoti za eni. Mpando uja unathera pomwepo, sipanafunikenso msonkhano.

Mkuluyo, ndi suti yake yomweyo, anagwada m'fumbi.

"Shikamoo, amayi."

Gogo anabisa chivundikirocho m'chitenje, maso ali pa mpongozi wawo.

"Sindinatuluke ine, mwanangu," anatero. "Abwera okha."