Galimoto Yoima Patali ndi Mzikiti

Yasini ankayendetsa galimoto ya Baba Hamad, mkulu wa ku Al Markhiya, m'dziko la Aarabu, amene mtima wawo unali utafooka. Madokotala anawaika kapampu m'chifuwa kothandiza mtima kupopa magazi, ndipo mabatire ake ankayenda nawo m'kachikwama kapaphewa. Anawalangiza kuti aziyendako pang'ono tsiku lililonse kuti thupi lipezenso mphamvu, koma mkuluyo ankaopa. Akangoyamba kupuma mwawefuwefu, ankakhala pansi atagwira kachikwamako ndi manja awiri.

Nyengo yotentha itadutsa, Yasini anafunsa kaye anesi a kuchipatala, ndipo atamuvomera, anayamba kuimika galimoto chapatali ndi mzikiti.

"Parking yadzaza, Baba," ankatero, chonsecho malo ali mbwee.

Ankayenda pambali pawo atanyamula mabatire apadera. Poyamba mkuluyo ankapumira pa mpanda uliwonse, akudandaula m'Chiarabu. Pakupita kwa masabata anayamba kufika pakhomo la mzikiti akuchezabe, mawu osadukaduka.

Madzulo ena akutsika m'galimoto, Baba Hamad anayang'ana malo opanda kanthuwo.

"Yasini, wodwala ndi mtima, osati maso."

"Pepani, Baba," anayankha Yasini atazolika.

"Khalas, zatha. Mawa galimotoyi uisiye kunyumba, tidzayenda wapansi."

Akuyenda, Yasini anakumbukira bambo ake ku Balaka, amene anatupa miyendo n'kumangokhala pakhonde mpaka tsiku lawo lomaliza, aliyense akuwauza kuti asamadzivute. Anachepetsa liwiro kuti mkuluyo atsogole.