Mapiritsi a Che Hussein

Fadila anagwedeza botolo pafupi ndi khutu, nalimva likulira mopepuka. Analitsegula n'kusuzumira. Pansi panali timapiritsi towerengeka, chonsecho mwana wawo Jamali anali atangotumiza botololo lili lodzaza kuchokera ku Joni.

"Bambo a Jamali, mankhwalawa mukukukuta ngati mtedza kodi?"

Che Hussein, amuna ake, anali pakhonde atatsamira khoma, dzanja lamanzere lili pantchafu pomwe analiika m'mawa. Chiwagwereni sitiroko, dzanjalo silinkamveranso mwini wake. Anangoponya maso kumene kunali nyanja.

Chaka chimenecho, cha 1996, nyanja ya Chilwa inali itaphwa. Pa Kachulu mabwato anali gada pamatope ong'aluka, ndipo anthu ankapita ku chilumba cha Chisi wapansi, fumbi lili koboo. Bwato la Che Hussein linali pomwepo, likung'ambika ndi dzuwa.

Fadila sanaiwale mawu a dokotala wa ku Zomba. Iye anati mtima wa bambowo ukudumphadumpha, ndipo mtima wotero umaundanitsa magazi. Kachibuma kakathawira kumutu, sitiroko imabweranso, ndipo yachiwiri sichita nthabwala. Anawapatsa asipirini woti azimwa tsiku lililonse, natchulanso mankhwala ena, sitatini, ochepetsa mafuta m'mitsempha, amene kuchipatala cha boma kunalibe. Ndiwo amene Jamali anawasaka ku Joni.

"Ndikufunsa inu. Apita kuti mapiritsi?"

"Ndinam'gawira Makisoni," anatero Che Hussein pang'onopang'ono, poti lilime linali likadali lolemera.

"Makisoni?"

"Iwe, tandiyang'ana. Mafuta ake ati ali mwa ine? Nthitizi ungaziwerenge uli kumsika. Ndimwe mankhwala ochotsa mafuta kuti nditsale chiyani, mthunzi? Makisoni ndiye wamafuta. Mimba imafika pakhomo mwini wake akadali kumsewu, miyendo nayo yatupa. Mnzako akapsa ndevu m'zimire."

"Nanga asipirini uja?"

"Mutu sukundiwawa. Alipo anthu amene ukuwawawa."

Fadila anakhala pansi. Miyezi yonseyi iye ankaika mapiritsi padzanja la bambowo n'kubwerera kukhitchini, osadziwa kuti akulowa m'thumba la mkanjo. Kenaka mkuluyo anayamba kutapa m'botolo momwemo.

Koma amene ankawadziwa Che Hussein sakanadabwa. Padoko la Kachulu bwato likakocheza, aliyense woima pafupi amalandirako dzanja la matemba, ndipo mwini bwato womana ndiye amanenedwa mpaka kumaliro kwake. Che Hussein sanabwezepo munthu chimanjamanja. Tsopano nsomba kunalibe, koma odzazonda matenda ankabwerabe, ndipo munthu wozolowera kupatsa akasowa chopatsa amadwala kawiri. Chamtengo chimene chinatsala m'nyumbamo chinali mapiritsi.

Fadila anawagwira pamkono monga anamuphunzitsira dokotala. Mtsempha unagunda kawiri mothamanga, n'kukhala chete, n'kugundanso ngati wadzidzimuka.

"Ndikupita kukawatenga," anatero.

"Usayerekeze! Chopatsa salanda. Ukufuna anthu azinena kuti Hussein wasanduka mwana wolirira chigumu chake?"

"Azinena muli moyo."

Anafunda mpango n'kutuluka. Dzuwa linali litapendeka koma nthaka inkawotchabe mapazi. M'njira anakumana ndi amayi akuchokera kumjigo, ndipo anawapatsa moni osaima, poopa kuti amufunsa kumene akupita. Manyazi anali atamukuta kale asanafike n'komwe.

A Makisoni, mlimi wa mpunga amene anakula limodzi ndi Che Hussein, anali pansi pa mtengo wa mango, miyendo yotupa ataisanjika pamtondo. Akazi awo a Elenala ankapeta mphale.

"Fikani, alamu! Achimwene adzuka bwanji? Mankhwala awo aja ndi moto, lamba wayamba kundikhwepa."

"Ndi njala imeneyo, si mankhwala," anaseka a Elenala.

Fadila anagwada, nalonjera, nazungulira nkhani ya mvula ndi ya nyanja. Kenaka anangolasa. "Alamu, mundikhululukire. Ndadzera mapiritsi aja. Dokotala anati akasiya kumwa, matenda aja abweranso."

Lichero linaima m'manja mwa a Elenala.

"Ndiye kuti tinaba?"

"Ayi, mayi."

"Zaka zonsezi mpunga wathu wakhala ukulowa m'nyumba mwanu, matemba anu m'nyumba mwathu. Tinayamba tabwera kudzati bwezani? Kupatsa n'kuika, ankatero akale. Lero mwadzafukula."

"Nenani zonse, ndimva. Koma mundipatse."

A Makisoni anatsitsa miyendo pamtondo. Nthabwala zinali zitawathera. Anati mapiritsi ena anapatsa mlongo wawo wa ku Songani, nayenso ngwonenepa, ena anatenga mkulu wa mpingo. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kapepala kokulunga. Munali mapiritsi osadzaza ndi chikhatho cha khanda chomwe.

"Sindinadziwe, alamu," anatero osamuyang'ana. "Iye anati kwa iye ndi osafunika."

A Elenala anayambanso kupeta, mwamphamvu kuposa poyamba, ndipo sanamuperekeze mlendo ngakhale pang'ono. Fadila anadziwa kuti pofika mawa Kachulu yense adzakhala atamva kuti mkazi wa Hussein amalanda zopatsa. Anamanga kapepalako pamfundo ya chitenje n'kubwerera mothamanga.

Mphepo inali itayamba kuchokera kunyanja youma, itanyamula fumbi lonunkha matope akale. Atatulukira pakhomo anawaona amuna ake ali pomwe paja, ndipo mtima unakhalako pansi. Anatunga madzi m'kapu n'kugwada patsogolo pawo.

"Ndabwera nawo. Mukalipe mukatha kumwa."

Che Hussein anamuyang'ana. Sanakalipe. Anatsegula pakamwa, koma chimene chinatuluka sichinali mawu, chinali kung'ung'udza chabe. Anayesanso, maso ali tong'o ngati akudabwa okha. Mlomo unali utakhotera mbali ya kumanja, mbali imene inali yabwino, ndipo dovu linkatsikira pandevu.

"Bambo a Jamali! Gwirani kapu!"

Dzanja lamanja linadzuka pang'ono, n'kugwera pamphasa.

Fadila anakuwa mpaka agalu anayamba kuuwa. Anthu anathamangira, wina akuti awathire madzi, wina akuti aitane shehe. Minibasi za ku Zomba zinali zitachepa chiphwereni nyanja, ndipo yomaliza inali itapita kale. Panafunika njinga yolimba yoti ikawafikitse kumsewu waukulu.

Woyamba kufika nayo anali a Makisoni, akukankha, akupuma mwabefu, thukuta lili kamukamu. Anamangirira mpando pakaliyala ndi zingwe za mphira, ndipo amuna awiri ananyamula wodwalayo n'kumukhazika.

Fadila anayenda pambali atagwira mutu wa amuna ake kuti usagwere kumbuyo. Atadutsa msika anawaitana dzina lawo lenileni, chinthu chimene sanachitepo chikwatiraneni. Che Hussein sanatembenuke.