Uphungu wa Kuseri kwa Mpanda

Amuna anga, bambo Amosi, anasiya kulankhula fodya atangoyamba kuuma m'chigafa. Munthu amene kale ankatsutsana ndi wailesi, tsopano anangoti ndwii pakhonde ngati nkhuku yonyowa. Ndikawafunsa, yankho linali limodzi: “Palibe.” Ntchito yowerenga Baibulo kutchalitchi kwathu kuno ku Ngauma anaisiyira wina. Ndinakagula kapulana yatsopano ku Mandimba, nsalu yofiira psuu, n'kumadutsa nayo pamaso pawo mpaka miyendo kuwawa. Iwo olo kutukula nsidze!

Ine Elena si mwana. Mwamuna akasiya kuona nsalu ya mkazi wake, ndiye kuti akuona ya wina. Ndinawakalipira, ndinawapempherera mokweza kuti adzimvere okha, ndinawatchulira akazi amasiye onse a m'mudzi muno. Iwo duu. Kunena zoona ndinkachita mantha, chifukwa banja linkandithera ndikuona.

Ndinaimbira foni mwana wanga Vânia ku Cuamba. Iye amvekere, “Amayi, ndikutumizirani a Élio.” A Élio ndi amuna ake, akamwini anga. Sukulu anaimaliza kale mpaka pamwamba, koma anabwereranso kusukulu ya mpingo kukawonjezera za uphungu wa anthu ovutika maganizo. Ndinati mwana iwe, ine ndikufuna munthu wodzawazazira bambo ako, osati wodzawasisita.

Anafika Loweruka pa njinga yamoto, fumbi mpaka m'makutu. Tsono kwathu kuno mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana. Tikakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Koma taonani, munthu uja akundandalika mipando itatu patsinde pa mango, yoyang'anizana!

“Kusukulu amati nonse mukhalepo, tiziyang'anana m'maso,” anatero a Élio, nkhope atalozetsa kunkhokwe.

“M'maso mwa yani?” ndinayankha nditayang'ana kukhitchini. “Kawauzeni aphunzitsi anuwo aziyang'ana apongozi awo, osati ine.”

Tinagwirizana kuti ine ndikhale kuseri kwa mpanda waudzu. Ndinatenga lichero la mtedza, khutu n'kuligunditsa kumpanda.

A Élio anayamba ndi kupepesa. Akuti wachibale saloledwa kumuchitira uphungu weniweni, iwo angomvetsera, kenako aone kofunika kupita. Anapemphera kapemphero kafupi, koti ine ndikadali pa “Atate” iwo afika kale pa “Ameni.” Ndiyeno anafunsa kuti, “Bambo, mumtimamo muli bwanji?”

Basi. A Élio anangoti chete, kudikira yankho.

Abale inu! Sukulu yake ndi imeneyi? Kuchoka ku Cuamba konse kuja kudzakhala chete pakhomo panga, ngati kuti anthu okhala chete atisowa? Mawu anandidzaza m'kamwa. Masiku onse funso lotere ndimayankha ndine, poti amuna anga amachedwa kupeza mawu. Koma ungakuwe bwanji pamaso pa mkamwini? Ndinaluma nsonga ya kapulana, mtedza ndikuuphwanya ndi ukali mpaka kusanduka nsinjiro.

Chete uja anatalika. Nkhuku inadutsa, n'kubwereranso. Kenako ndinamva bambo Amosi akutsokomola.

“Ndi maso, akamwini,” anatero. “Kukuchita chifunga. Fodya sindikusiyanitsanso tsamba labwino ndi loipa. Zilembo za m'Baibulo zimangoyenda ngati nyerere.”

“Amayi munawauza?”

“Ndiyambire pati? Ndikati ndikoke mpweya, iwo afika kale pa wamasiye wachitatu.”

Ndinatsala pang'ono kuwagenda ndi lichero. Koma anapitiriza.

“Komanso ndikuopa. Tsiku lina amake Vânia anadutsa atavala chinthu chofiira. Ndinawadziwa ndi kayendedwe, koma nkhope sindinaione. Ndiye ndimakhala pakhondepo n'kumaikumbukira, kuopa ingandithawe.”

Mayo ine! Zozungulira kukhomo sindinazikumbukire. Ndinaboola mpanda pomwepo, udzu kumutu, mtedza mbwee. A Élio anadumpha ngati aponda moto n'kukaima atayang'ana mtengo wa mango, mphuno itagunda khungwa. Maphunziro a kuyang'anana m'maso anathera pomwepo.

“Maso otere nthawi zina amathandizika kuchipatala,” anauza mtengowo. “Lolemba tipitire limodzi ku Cuamba akawaone.”

Ine ndinathamangira kwa bambo Amosi. Ndinagwada patsogolo pa amuna anga, ndinagwira mutu wawo ndi manja awiri n'kuukokera pafupi, mphumi zathu kutsala pang'ono kugundana.

“Munthu woipa inu! Miyezi yonseyi ine ndikudana ndi akazi osalakwa, ena mpaka sitipatsana moni kuchitsime! Yang'anani tsono. Apa mukuona?”

Anatsinzina, anaphethira, n'kuyang'anitsitsa.

“Ndikuona,” anatero. “Kodi makwinya onsewa anabwera liti?”

Yankho ndinali nalo, lalitali ndithu, loyambira chaka chimene anandikwatira. Koma chala chawo chinali chikuyenda pang'onopang'ono patsaya langa. Ndinakhala chete, ndinawasiya ayang'ane.