Wotchi ya a Stafford pa Mkono wa Wakabaza

A Stafford anaponya wotchiyo patebulo ngati yawaluma.

"Ine ndithamange? Munthu wa mu ofesi, wamkulu chonchi, ndizipuma wefuwefu m'misewu ya ku Sadzi? Anthu aziti ndaba chiyani?"

Munali mu Juni 2022. Kuchipatala anali atawauza kuti bipi yawo yakwera, ndipo kuwonjezera pa mankhwala ayenera kulimbitsa thupi. Akulu awo, a Prosper, anali chigonere kumudzi atafa ziwalo mbali imodzi ndi nthenda yomweyo. Poopa zimenezi, Joanna, mwana wawo wophunzira ku Chirunga, anawabweretsera wotchi yowerenga mapazi, kugunda kwa mtima ndi njira imene munthu wadutsa. Zonsezi zinkaoneka pafoni ya akazi awo, a Juliana.

"Ameneyu ndi kazitape, si wotchi," anatero a Stafford. Komabe anaivala kuti phokoso lithe.

M'mawa mwake anaipereka kwa Saiti, wakabaza amene ankawapalasa popita kuntchito. "Uzivala tsiku lonse, madzulo uzindibwezera."

Mtendere unabwerera m'nyumba. Foni inkati bambo akugwira ntchito yakalavulagaga, ndipo a Juliana anafika powayamikira ku Mvano.

Loweruka lina Joanna anaphunzitsa amayi ake kutsegula mapu pafonipo. A Stafford pobwera anapeza akazi awo aima pakhomo, chitenje atamangira m'chiuno.

"Bambo a Joanna, ku Chinamwali kuli ndani?"

"Ku Chinamwali?"

"Lachitatu munapitako, mwabwerako, mwapitanso. Ku Matawale. Ku Mpondabwino. Nthawi ya ntchito! Ofesi yanu inasamukira m'makomo mwa anthu? Ndiuzeni dzina lake mayiyo!"

"Mukunditukwana pamaso pa mwana?"

"Mwadzitukwana nokha!"

Phokosolo linakoka a Vera, anamwino okhala nyumba yoyandikana nayo. Anayang'ana foni, n'kuyang'ana mimba ya a Stafford.

"Achimwene, maulendo onsewa ndi anu? Ndiye nsapato zanu n'zolimba."

A Stafford anaona kuti kwatsala njira ziwiri: kutchedwa wachimasomaso kapena waulesi. Anasankha ulesi, n'kuulula za Saiti. A Juliana m'malo moti mtima ukhale pansi, anapsa mtima koposa.

"Bola akanakhala mkazi, ndikanapita kwa ankhoswe! Koma mukunamiza ndani? Mukufuna ndizikutembenuzani pamphasa ngati alamu anga?"

A Stafford anakumbukira dzanja la a Prosper lili lende, likulephera kugwira kapu.

A Vera anawayeza pomwepo. Bipi inali isanatsike.

"Wotchi sichiritsa munthu," anatero. "Ntchito yake n'kukuonetsani zoona. Yambani n'kuyenda ndawala. Thupi likazolowera, muzithamanga pang'ono, n'kuyendanso. Ikaonetsa kuti mtima wagunda kupitirira muyeso umene adokotala akupatseni, chepetsani liwiro. Mukamva kupweteka pachifuwa kapena chizungulire, imani, mupite kuchipatala. Mankhwala musasiye."

"Nanga anthu akamaseka?"

"Osekawo sadzabwera kudzakusambitsani."

Lolemba a Stafford anatuluka m'bandakucha, akung'ung'udza. Mzere wa pamapu unali waufupi mochititsa manyazi, ndipo zinawapweteka kuti wa Saiti unkazungulira tauni yonse. Mawa lake anautalikitsa pang'ono, mwa mkwiyo basi. Mlungu ukatha, wotchi inkawaonetsa kuti apitirira pamene analekezera, ndipo anayamba kudana n'kuona tsiku lopanda mzere. Mu Ogasiti anayamba kuthamanga pakati pa mapolo a magetsi: polo iyi kuthamanga, inayo kuyenda.

Mu Novembala anakwera msewu wopita kuphiri mpaka pamene tauni imaonekera pansi. Saiti anawapeza akutsika.

"Bwana, tikwere?"

"Choka iwe! Unatsala pang'ono kundithetsera banja."

Kuchipatala mwezi umenewo anawauza kuti bipi yatsika. A Juliana anayang'ana mapu: Sadzi, kuphiri, Sadzi. Kenako anangowachapira nsapato zothamangira.

Chipangizo chowerenga mapazi chimalimbikitsa munthu woyamba kumene chifukwa amaona yekha mmene akupitira patsogolo. Koma chimathandiza amene wachivala yekhayo. Yambani pang'onopang'ono, funsani achipatala, ndipo thukuta likhale lanu.